Bowo Lopanda Chipolopolo

Orrin anandikokera kuseri kwa kanyumba kake kowambiramo nsomba, komwe chimbalangondo chinali chitazula chitseko, n'kundilowetsera kabokosi m'thumba la jekete.

"Izi ndi zipolopolo zofewa, sizibweza mfuti kwambiri," ananong'ona. "Akakuuza kuti uike zipolopolo, uike izi. Wamva, Gus?"

Ndinamva. Ine ndi Orrin takhala moyandikana m'mbali mwa mtsinje wa Yentna kuyambira tili ndi tsitsi lakuda, ndipo sanandipemphepo chinthu choposa mafuta a boti. Koma tsiku limenelo mwana wake Marlys anali atabwera pa kandege kuchokera ku tauni ya Palmer ndi mfundo imodzi: bambo ake akalephera kuwombera bwino volovolo, alongedze akakhale naye m'tauni mtsinje usanaundane ndi chisanu.

Volovoloyo anagula ndi Marlys yemweyo. Yake yakale, yolemera ngati nkhwangwa, Orrin ankangoisiya pamsomali chifukwa nyamakazi inamupinda zala. Yatsopanoyi ndi kanthu kopepuka, ukakamangirira pachifuwa umaiwala kuti kalipo. Koma zipolopolo zake ndi zomwe zija zogwetsa chimbalangondo, ndipo poti kamfutiko kalibe thupi loti limeze mphamvuyo, yonse imathera m'dzanja lako. Ine ndinakawomberapo kamodzi, kapu ya khofi ndinkachita kuigwira ndi manja awiri mpaka sabata kutha.

Marlys anakhomera chivundikiro cha ndowa pachitsa, kutsogolo kwa chimulu cha mchenga. Galu wa Orrin, Tug, anammangirira pakhonde.

"Mukalasa katatu, adadi, ndikwera ndege ndekha, ndipo nkhaniyi sindidzaiyambanso," anatero. "Ankolo a Gus aika zipolopolo zisanu m'volovolomo, bowo lachisanu ndi chimodzi asiya lopanda kanthu. Inu musaone."

"Zibwana zimenezo," anatero Orrin. "Ukundiyesa mwana wa sukulu?"

"Si mmene munandiphunzitsira ine? Munkati mfuti ikalira imabisa mantha, koma ikakhala chete imaulula."

Orrin analavula pansi. Mawuwo analidi ake. Kuno tonse timaphunzira motero: munthu woopa kubweza kwa mfuti amaikankhira pansi isanalire, iye osadziwa, ndipo zimaonekera poyera akakhethemula pa bowo lopanda kanthu.

Ndinawafulatira, volovolo ili m'manja, mabokosi awiri, la zofewa ndi la zamphamvu, ali m'matumba. Kunena zoona ndinakwiya. Mdala ameneyu wandisenzetsa katundu wanji? Ndikaika zofewa apambana, ndipo ndidzapitiriza kuona utsi wake kutsidya kwa dambo m'mawa uliwonse, monga ndimafunira. Koma maso anga anagwera pa chitseko chija chili gone pa udzu, mizere ya zikhadabo itakumba thabwa mozama moti chala chikhoza kulowamo. Chinyama chimenecho sichidzamva kuti mwini nyumba anakhoza mayeso.

Ndinaika zamphamvu.

Orrin analandira volovoloyo akunditsinzinira diso. Anaima bwino ndithu, mwendo umodzi patsogolo, chifuwa chitaweramira kumfuti, dzanja litagwira chakumtunda kwa chigwiriro, zigongono zitapindika pang'ono. Poti mumtima ankati ndi zofewa, chala chake chinakoka mosathamanga, mwaulemu, ngati kale.

Phuu! Mlomo wa mfuti unalumpha mpaka unatsala pang'ono kumugogoda pachipumi. Chivundikiro chinabooka pakati penipeni.

"Kamodzi!" anakuwa Marlys.

Orrin sanayang'ane chivundikirocho. Anayang'ana ine. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala khungu linali litang'ambika, magazi akuyenderera kulowa m'mkono wa malaya. Ndinafuna kuzyolika, koma ndinalimba mtima.

"Ndiwe njoka, Gus," anatero chapansipansi.

"Igwire zolimba, mdala," ndinayankha. "Usalimbane nayo. Ilekerere ikwere, ibwerera yokha."

"Usandiphunzitse mfuti iwe. Unkawombera zitini ine ndikusenda zikopa."

Anakwezanso. Tsopano mapewa anali atakwera mpaka m'makutu, nsagwada zitalumana. Mfuti inalira, chivundikiro chinagwedezeka, chitabenthuka m'mphepete chakumunsi.

"Kawiri," anatero Marlys. Sindikudziwa kuti ankapempherera mbali iti, ndipo ndikukayika ngati mwini wakeyo ankadziwa.

Kunatsala kamodzi. Udzudzu unatera pakhosi pa Orrin, iye osaumva. Anapukuta dzanja pabuluku, magazi n'kubwereranso pomwepo. Chipolopolo chachitatu chinafukula mchenga patsogolo pa chitsa. Tug anayamba kulira pakhonde, akukoka chingwe.

"Pumani kaye, adadi."

"Khala chete!"

Mlomo wa mfuti unkavina. Ndinkadziwa chomwe chikubwera, poti ndinaika ndine. Ndinaona chala chopindika chija chikukoka, kagudumu ka zipolopolo kakuzungulira pang'onopang'ono.

Kha.

Kunalibe kulira kulikonse koti kubise. Mfuti inagwera pansi ngati wina waikoka ndi chingwe, mpaka inaloza dothi la pafupi ndi nsapato zake. Mutu anali ataubweza chammbali, maso ali tsinzinu. Anakhala choncho kanthawi, akudikira kumenyedwa ndi chinthu chomwe sichinabwere, kenako anatsegula maso n'kuona pomwe mfutiyo yaloza.

Kumtsinje kunkamveka madzi okha.

"Zatsala ziwiri, adadi," anatero Marlys, misozi ili lengelenge. "Mukungofunika kulasa kamodzi. Yesani."

"Yesa, Orrin," inenso ndinatero, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima. Mwamwayi chabe akanatha kulasa. Pangano ndi pangano, mwanayo akanakwera ndege yekha.

Orrin anayang'ana chivundikiro, n'kuyang'ana chitseko chija pa udzu. Anatsegula kagudumu, n'kukhuthulira zonse m'dzanja lamagazilo, makoko atatu ndi zipolopolo ziwiri zosawomba.

"Ndinatsinzina," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka anthu otsinzina. Chikanakhala chimbalangondo, bwenzi pano mukutola chipewa changa chokha."

Anabwera kwa ine, n'kupisa yekha m'thumba langa kutenga kabokosi kake ka zofewa kaja, kosatsegula. Anakayang'ana, n'kukabwezera momwemo. Volovolo anandipatsira m'manja, chigwiriro chili nyeketu ndi magazi, osandiyang'ana kumaso.

Anayenda pang'onopang'ono kupita pakhonde, n'kugwada movutikira kuti amasule galu. Zala zinkakanika kumasula mfundoyo, koma palibe mwa ife analimba mtima kukamuthandiza.

"Marlys," anaitana osacheuka. "Kwanuko mpanda ulipo? Tug sadziwa galimoto."