Madzi a Lachiwiri

Lolemba m'mawa Ennie anatsegula filiji ya amayi ake n'kungoti kakasi. Mabotolo ake khumi ndi awiri analimo, oyera kuti mbee, koma onse anali odzaza ndi thobwa.

"Amayi, madzi anga aja ali kuti?"

A Nabanda anali pakhonde kumanga chitenje, ulendo wa kumsika wa Chinsapo. "Matope aja? Ndataya. Mwana wophunzira iwe, kusunga zonyansa m'filiji ya malonda? Mabotolowo ndawatsuka ndi sopo kawiri."

Ennie anakhala pansi. Anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zachilengedwe, ndipo thumba la kafukufuku la kuyunivesite linkasankha ophunzira asanu okha oti liwapatse ndalama zopimira mitsinje. Lachisanu aliyense anayenera kuonetsa zomwe wapeza kale. Popanda ndalamazo, kafukufuku wake akanathera papepala. Madziwo anawatunga m'malo asanu ndi limodzi mumtsinje wa Lilongwe tsiku la chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imakokolola zonse za m'makwalala n'kukazikhuthula kumtsinje. Chizimalupsa sichigwa kawiri pachaka. Akulu ponena kuti madzi akatayika sawoleka, kaya ankanena madzi a Ennie omwewa.

Ataimbira Jeremiah, mnzake wa m'kalasi, iye anangoseka. "Aise, katunge ena mawa, ulembepo deti yakale. Angadziwe ndani? Madzi alibe chiphaso."

Mawuwo anamunyansa Ennie, koma sanawataye. M'mawa mwake anagula mabotolo ena n'kutsetsereka kumtsinje, cholembera chili m'thumba, mtima uli pawiri. Amayi ake anamutsatira chapatali, chifukwa kupepesa ndi pakamwa sanazolowere.

Atangowerama kuti atunge, anamva mawu kumbuyo.

"Lero usapisemo dzanja."

"Chifukwa chiyani, Amayi?"

"Ndi Lachiwiri."

Ennie anatembenuka. "Lachiwiri latani?"

"Amayabwa. Sopo satulutsa thovu, ndipo zoyera zimabwera zachikasu. Ukuona wochapa aliyense pano? Lachitatu masana amakhala atakhalanso bwino."

Ennie anayang'ana miyala yochapira. Panalibedi munthu, chonsecho masiku ena pamakhala phokoso ngati pachigayo. Ananunkhiza madziwo ndipo anamva kafungo kowawa kamene sanakamvepo. Iye ankabwera Loweruka lokha, tsiku lopanda makalasi.

"Zinayamba liti?"

"Uli Fomu 2, ndikuchapira anthu pano. Poyamba zinkathera pamlatho, pano zafika mpaka kumadimba. Achule aja anasiya kulira."

"Nanga zimachokera kuti?"

"Wa kuyunivesite ndine?"

Ennie anaiwala za deti yakale ija. Chidwi chinamugwira ngati njala. Anavala pulasitiki kudzanja, anatunga, n'kulemba pabotolo tsiku lenileni. Kenako anayenda ndi amayi ake chokwera mtsinje, iye akufunsa, iwo akuloza, mpaka thobwa la tsiku limenelo linagona m'nyumba.

Lachisanu anaima pamaso pa aphunzitsi atatu ali ndi mantha. Anzake anali ataonetsa manambala okongola. Iye anali ndi zotsatira za tsiku limodzi basi.

"Masampulo a mvula yoyamba mudalonjeza aja ali kuti?" anafunsa Dokotala Malizani, wapampando.

"Amayi anga anataya, m'mabotolomo anathiramo thobwa."

M'chipindamo munabuka phwete. Ennie anadikira kuti aleke kuseka, ndipo anafotokoza za Lachiwiri: miyala yopanda ochapa, sopo wosachita thovu, ndi zomwe makina a kulabu anaonetsa, zoti madzi a tsikulo anali owawa mopitirira muyeso. Dokotala Malizani anavula magalasi.

"Chifukwa chiyani Lachiwiri?"

"Sindikudziwa, bwana. N'chifukwa chake ndikupempha ndalamazo."

Patatha sabata ziwiri dzina lake linatuluka, lachisanu pamndandanda, lomalizira penipeni.

Lachiwiri lotsatira anapeza amayi asanu ndi awiri akumudikira pamiyala ija. A Nabanda anali atalengeza kumsika konse kuti mwana wawo akuzenga mlandu mtsinje. Aliyense anali ndi chake chonena, wina za mwana wa zilonda, wina za ndiwo zofota kudimba. Ennie analemba mpaka dzanja linawawa.

"Umboni mukufunawo ndi uwu," anatero amayi ake potsiriza, akutambasula manja. "Jambula."

Ennie anakweza foni, koma anaitsitsanso. Zikhatho zija zinali zong'aluka ngati dambo la mu Okutobala, zikhadabo zakuda, zodyeka m'mbali. Manja amenewa ndiwo ankamutumizira fizi, ndipo iye masiku onse ankayesa kuti ndi ukalamba. Zaka zinayi anawerenga za mitsinje ya kutali, osafunsa n'kamodzi komwe chimene chinkadya manja a m'nyumba mwawo.

"Jambula msanga, iwe, thobwa likundidikira."

Ennie anagwira dzanja limodzi n'kulitembenuzira kudzuwa. Analigwira nthawi yaitali kuposa imene chithunzi chimafuna.