Damu la Adyo ndi Damu la Adada

Linah atabwerako ku yunivesite ndi digiri ya ulimi wa nsomba, anapeza kuti kwawo ku Kapichila kunali ntchito imodzi yokha yomudikira: kutsutsana ndi bambo ake.

A Danwell Zimba anali ndi madamu awiri a makumba kudambo, kumunsi kwa munda wa fodya. Analinso ndi chitini cha ufa wachikasu chomwe anagula ku boma la Lundazi, m'sitolo ya mankhwala a ziweto. Pachitinicho panali chithunzi cha nkhuku, koma iwo ankati matenda sayang'ana zithunzi. Nsomba imodzi ikangooneka ndi chilonda, kapena ikangosambira ngati yakhumudwa, ufa uja unkalowa m'madeya a damu lonse.

"Adada, mankhwala amenewa ndi maantibayotiki," anatero Linah tsiku lina ali pamlambala wa damu. "Mukamangothira chithirethire, tizilombo timawazolowera. Tsiku lomwe nsomba zidzadwaledi, ufawu udzangokhala ngati mchenga. Komanso madziwa akupita kumadimba, nsombazo tikudya ndife."

"Ndiye ndizithira chiyani, a dokotala?"

"Adyo. Kusinja, kusakaniza ndi madeya ndi soya, n'kuikamo timafuta tophikira kuti asasukuluke m'madzi. Sachiza nsomba yomwe yatheratu, koma amazipatsa chilakolako cha chakudya, ndipo thupi limalimba."

A Danwell anaseka mpaka kukhosomola. "Ndinagulitsa ng'ombe kuti ukaphunzire kukazinga nsomba zisanafe?"

Nkhaniyo akanaisiyira kudambo komweko, bwenzi itazizira. Koma Lamlungu a Danwell anakaiulutsa kwa amuna anzawo pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi, ndipo pangano linamangidwa pamaso pa mboni. Damu lakumtunda la Linah ndi adyo wake, lakumunsi la a Danwell ndi ufa wawo. Lililonse linali ndi ngalande yakeyake yochokera ku kasupe, choncho madzi sakanasakanikirana. Mbewu ya nsomba yofanana, madeya ofanana. Pokolola, sikelo idzaweruza. Wogonja adzatsata njira ya wopambana m'madamu onse awiri, osatsegulanso pakamwa.

Linah ankadziwa kuti damu limodzi kuyerekeza ndi linzake si kafukufuku amene aphunzitsi ake akanamuvomereza. Koma ankadziwanso kuti akagonja, chitini chija chidzakhala mfumu ya dambo lonse, poti alimi ena a nsomba ankatengera kwa bambo ake. Iyeyo akanangotsala ndi kukwera minibasi ya ku Chipata kukagogoda m'maofesi.

Anaika nsomba chisanu chitangotha. M'masabata oyamba zinthu zinkayenda monga momwe mabuku analonjezera. Linah akamwaza chakudya, madzi ankawira ndi timilomo. Kumunsi, nsomba za a Danwell zinkayandikira madeya achikasu aja, n'kununkhiza, n'kubwerera ngati alendo amene apatsidwa ndiwo zopanda mchere. A Danwell ankaima manja kumbuyo, osayang'ana kumtunda, ngakhale kuti phokosolo ankalimva.

Kenaka dzuwa la Okutobala linafika, nyengo yomwe madzi amatentha ndipo zilonda zimabuka. Apa m'pamene zinayamba kumusokoneza Linah. Nsomba za bambo ake zinayamba kudya. Osati kudya wamba, koma kulimbirana, kudumphirana, chimodzimodzi zake. Zilonda zinali zochepa konsekonse.

Linah ankakonda zinthu zovuta kumasulira kuyambira ali mwana, moti m'malo mokhumudwa anayamba kusangalala nazo pang'ono. Anayendera ngalande zonse ziwiri kuona ngati nkhanu zinabowola mlambala. Panalibe bowo. Anaganiza kuti mwina nsomba zazolowera kuwawa kwa ufa, koma nsomba yozolowera chowawa imadya mwaulemu, siichita phwando.

Chidutswa china cha yankho chinachokera kukhitchini. Mayi ake, a Eness, anamuimitsa pakhomo atanyamula chingwe chomwe ankamangapo adyo wawo pamwamba pa moto. Panatsala timitu tiwiri.

"Iwe Linah, nsomba zakozo zindisiyire wanga. Nyemba ndiziphika ndi digiri yako?"

"Amama, wanga ndimagula ku msika ku boma. Thumba lake lili kuchipinda, kaoneni."

"Ndiye ndi makoswe? Makoswe odziwa kumasula mfundo n'kumanganso?"

Masana omwewo, pothirira bambo ake madzi osamba m'manja, Linah anaona kuti zikhadabo zawo, zomwe kwa zaka zambiri zinkakhala zachikasu ngati za munthu wosenda mango, zinali zoyera. Anaonanso kuti munthu amene ankati sopo ndi wochapira zovala anali atayamba kusunga kachidutswa m'thumba la malaya. Atawerama kuti atenge beseni, fungo la adyo linamupeza pansi pa sopoyo, lochepa koma losabisika.

Anapita kuchigafa cha fodya komwe chitini chinkakhala. Anachipeza pamtanda, ndipo mavu anali atamanga chisa chawo chadothi pamphepete penipeni pa chivindikiro, chouma kale, chosasweka.

Anakhala pa mtolo wa udzu n'kuseka yekha mpaka misozi. Kenaka kuseka kunatha. Madamu onse awiri anali a adyo, choncho adyo anali atapambana kale, koma pangano silinkanena za adyo. Linkanena za damu lakumtunda ndi lakumunsi. Ngati lakumunsi lidzalemere, mboni zidzapita kwawo zikutamanda ufa wachikasu. Kuti apambane poyera, anayenera kunena pagulu kuti bambo ake, mkulu wa mpingo, amaba adyo wa akazi awo kuti abere mpikisano mwana wawo. Anayesa kuganizira nkhope yawo pa nthawi imeneyo, ndipo sinamukomere.

Anasankha kusaulula. Adyo wa a Eness anapitiriza kusowa, ndipo Linah anayamba kumangirira mitu yatsopano pachingwe chija akabwerako ku boma, kuti makoswe asavutike.

Anakolola Khirisimasi itayandikira. Kunabwera a Miriam, mayi wa ku Kasungu amene ankagula nsomba n'kukagulitsa m'misika ya m'malire, atanyamula sikelo yawo yokolowekera pamtengo. Mboni za pansi pa mango zija zinabweranso, aliyense ndi kathumba kopanda kanthu m'thumba la buluku. Khoka linalowa kumtunda, kenaka kumunsi. Mabasiketi anakwera pasikelo, a Miriam akutchula mokweza.

Damu lakumunsi linaposa ndi theka la basiketi.

"Mwaona?" anatero mmodzi wa mboni. "Sukulu ndi sukulu, koma nkhuku yapachitini ija ndi nkhuku!"

A Danwell analandira moni wa m'manja uku ndi uku. Koma sankaseka monga amasekera akapambana bawo. Ankangoyang'ana matope a kumapazi kwawo.

Linah anadikira phokoso litsike. Anapukuta manja pachitenje, nagwada pang'ono monga mwana wolereka bwino.

"Adada, ndagonja. Pangano ndi pangano. Kuyambira lero madamu onse awiri aziyenda m'njira yanu. Koma ine ndine wosadziwa. Mawa m'mawa mundionetse mmene mumakonzera chakudya chanu, chimodzimodzi monga mwakhala mukuchitira miyezi yonseyi, osachotsapo kanthu, osawonjezerapo kanthu. Abambowa nawonso abwere aonere, kuti dambo lonse liphunzire kwa katswiri."

"Yewo, zoona!" zinavomera mboni. "Tibwera, a Zimba."

A Danwell anamuyang'ana mwana wawo kwa nthawi yaitali. Linah anawayang'ananso ndi nkhope yosalakwa. Njira zinali ziwiri. Akanatha kutsegula chitini mawa pamaso pa anthu, n'kubwereranso ku nsomba zonunkhiza chakudya n'kuchoka, zomwe iwo eni anaziona ndi maso awo. Kapena akanatha kukhala munthu woyamba ku Kapichila kuphunzitsa anzake za adyo.

A Miriam, amene sankadziwa chilichonse cha pangano, anali akusanja nsomba m'madengu. "Kaya mumazipatsa chiyani," anatero, "musasinthe. Chaka chatha ndinataya zambiri za zilonda. Izi khungu lake ndi losalala."

A Danwell anakanda kumutu, natsokomola.

"Njira yanga," anayamba motero, "ndi yosakhazikika. Munthu wanzeru amayenda ndi nyengo." Anatembenukira kwa mboni. "Mawa aliyense abwere ndi mitu iwiri itatu ya adyo. Musandifunse mafunso lero, ndatopa."

Wina anafunsa ngati wamva bwino.

"Wamva bwino. Ndipo mupemphe kwa akazi anu poyera, masana, iwo akuona," anatero a Danwell, akukunga khoka. "Zinazi zimabweretsa mavuto m'nyumba."