Phiri Limene Hamdan Anagumula

Ife a ku Perak sitifuna kumva kuti a ku Kedah atiposa, ngakhale pa kaphikidwe ka laksa. Ndiye itamveka mbiri yoti kampani ina yakunja ikufuna malo omangapo fakitale ya magalimoto, ndipo ikusankha pakati pa ife ndi iwowo, amuna onse a m'mudzi mwathu anasanduka akatswiri. Pashopu ya khofi ya Ah Lek ankangokhalira kuyerekeza: ife tili ndi amakaniko ozolowera, iwo ali pafupi ndi doko, ife msewu, iwo ulesi.

Mwamuna wanga Hamdan zonsezo analibe nazo ntchito. Iye ankangofuna Suraya. Mwana wathu mmodzi yekhayo amamanga mipando ya magalimoto kutali ku Pahang, ndipo timamuona pa Idi pokha. Mudzi wathu uli m'chigwa, netiweki kulibe, choncho madzulo alionse Hamdan ankakwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi kukamuimbira foni, mawondo akulira.

Malo a fakitalewo anali m'munsi mwa kaphiri komweko. Tsiku lina kunabwera Faizal, mkulu wa kampani yokonza malowo, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo Hamdan, a ku Kedah malo awo akadali thengo, phiri lili njo! Ife alendo tiwaonetse posalala ngati tebulo. Buludoza mumaitha ndinu."

Atachoka ndinafunsa. "Inu, phiri lathuli mukaligumula, mwana muziyankhula naye muli pati?"

"Aa, amake Suraya, foni yachiyani munthu ali pakhomo? Azidzapita kuntchito wapansi, n'kumadya kuno."

Analigumuladi, akuimba nyimbo. Ine ndinkapsa mtima, koma chiyembekezo chinandilowa nanenso, mpaka ndinachapa makatani a kuchipinda kwa Suraya.

Alendo aja anabwera ndi masuti awo, ife kuwalandira ndi ng'oma. Pakati pawo panali nkhalamba ina yovala mapatapata, a Teoh, itanyamula kampasi yolozera mbali za dziko, yaikulu ngati mbale. Faizal analankhula mpaka thovu kukamwa, koma amasutiwo maso anali pa nkhalambayo. Kampani yakunja ija siimanga ngakhale chimbudzi a Teoh asanaone ngati malowo ali ndi mwayi.

A Teoh anatembenuka uku ndi uku. "Pachithunzi chija panali phiri. Lapita kuti?"

"Talichotsa, bwana!" anatero Faizal, chifuwa patsogolo. "Kuti musavutike."

"Mwana iwe, chinatikopa kuno ndi phirilo. Fakitale imafuna phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Popanda potsamira, mwayi umangodutsa osaima."

Faizal anamasula tayi koyamba chibadwire. "Tilibweza, bwana! Bambo Hamdan, dothi lija lili kuti?"

"Munati ndikakwirire dambo lija."

"Ndi madzi omwe mwakwirira?" A Teoh anaseka mpaka kutsokomola, n'kukakwera galimoto.

Fakitale inapita ku Kedah, kwa anthu amene sanadule ngakhale udzu. Kwa Ah Lek tsopano amakamba za mpira.

A kampani ya Faizal asanadzatenge buludoza yawo, Hamdan anakankhira pamodzi dothi lotsala n'kuunjika mulu wotalika ngati denga la nyumba. Sunakwane. Ndiye amaikapo makwerero, ine kugwirira pansi ndikunyinyirika, iye pamwamba foni ili m'mwamba ngati akukola mbalame.

Dzana netiweki inagwira. Mawu a Suraya anamveka bwinobwino mpaka pansi pamene ndinali.

"Ababa! Mwasowatu. Nanga za fakitale zili pati? Katundu ndayamba kale kulongedza. Ndibwere liti?"

Hamdan anayang'ana chigwa chofiira chimene anasalaza yekha ndi manja ake.

"Halo? Halo, mwanangu?" anatero. "Sindikukumva. Netiweki ikuvuta kuno."