Mwala wa a Kiumars

"Mng'ono wanga uja anatulutsa zilembo m'ndende," anatero a Manuchehr, akudzigawira kachitatu haluwa, chakudya chotsekemera cha pamaliro, m'mbale ya alendo. "Zaka makumi atatu sanalembepo liwu loti munthu n'kuwerenga. Ndipo mu Tehran monse muno, womumvetsa ndinali ine ndekha."

Golnar, mkazi wa malemu, anangopitiriza kuthira tiyi. Panali patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni a Kiumars m'manda. Malemuwo ali moyo, akulu awowa ankati zojambula zawo n'zopalasa nkhuku. Lero ankaziloza ndi chala chamafuta ngati inki yake anasungunula ndi iwo.

"Pamwala wa pamanda pake tisemapo ichi," anatero a Manuchehr, ataima pachinsalu chachikulu pomwe zilembo zinakwerana mpaka kuda bii ngati makala. "Za dzina ndi tsiku tisiyire ogulitsa anyezi."

"Nanga ine ndizikawapeza bwanji, alamu? Manda aja ndi mzinda, ndipo maso angawa mukuwadziwa kufooka kwake," anatero Golnar.

"Muzikafunsa. Luso silidikira maso a munthu."

"Ndizikati ndikufuna ndani? Makala?"

"Mwagona m'nyumba muno zaka zonsezi osatolapo kanthu, mlamu. Khasu nalo limakhala m'munda, koma silidziwa kukoma kwa vwende."

Mawa lake onse awiri anapita kwa Usta Ghorban, wosema miyala pafupi ndi chipata cha manda. A Manuchehr anafunyulula chithunzi cha chinsalu chija n'kuyamba ulaliki wa Parisi, komwe anakhalako masiku anayi. Wosemayo ankamvetsera uku akutokosa fumbi m'khutu.

"Kiumars wake uti? Wowonda uja, wa zala zakuda?"

"Katswiri, bambo. Sankalemba za anthu wamba."

"Anabwera yekha muno chikondwerero cha chaka chatsopano cha Nowruz chitangodutsa, akutsokomola."

Usta anasolola pepala pansi pa nyundo n'kulipukuta pamimba. Linali dzina la malemu basi, lolemba okha, zilembo zikuluzikulu, zotalikirana, zonga zophunzitsira ana oyamba sukulu.

"Anati ndisakongoletse ngakhale kadontho. Akuti amayi akunyumba asamazunzike kusaka."

A Manuchehr anayamba kupinda chithunzi chawo, chikuwakanika.

Golnar anatsamiritsa pepalalo pamwala wosasema, n'kubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Ali pomwepo, analiwerenga lonse.