Potsata Msoko

Lachinayi ndilo tsiku lodula. Chovala chilichonse chimene chakhala pa hang'ala masabata anayi osagulidwa timachitsitsa, kupita nacho kuchipinda chakumbuyo, n'kuchidula ndi sizasi. Lachisanu m'mawa lole imadzatenga masaka n'kukawataya kuseri kwa phiri, kuchipululu, kumene kaunjika yense wa mumzinda wa Iquique amathera. Ena amakayatsako moto. Mphepo ikatembenuka utsi wake umafika mpaka kuno ku Alto Hospicio, ndipo mwana wanga Maite, amene ali ndi mphumu, amayamba kulira m'chifuwa ngati mwana wa mphaka.

Ndagwira m'sitolo muno zaka zisanu. Ndi ya bungwe lachifundo, nthambi zake zilipo makumi atatu m'dziko lonse, ndipo m'nthambi iliyonse muli chithunzi chomwechomwecho pakhoma: kamtsikana kakumwetulira katavala jekete, m'munsi mwake mawu akuti ukagula muno wafunditsa mwana. Zovala zimabwera zaulere. Anthu amazisiya pakhomo m'matumba akuda, ena akulira chifukwa mwini wake wamwalira. Ife timasankha, kusita, kumata mtengo.

Kale zotsala tinkapereka kutchalitchi. Zinasintha mu Marichi atabwera a Leiva kuchokera ku Santiago kudzayang'anira nthambi yathu. Ndi munthu waulemu, sakalipa, amanunkhira sopo wabwino. Sabata yoyamba anakweza mitengo. Juzi ya mapeso 3,000 inafika 9,000. Zokongola kwambiri amazijambula n'kuzigulitsa pa intaneti, sizifika n'komwe pa hang'ala. Anati amalonda a kumsika ankatidyera, kugula motchipa kuno n'kukagulitsa pamtengo wowirikiza kawiri. Pamenepo sananame. Koma amayi a kumisasa, amene ankadzagulira ana awo, anayamba kungogwira nsalu, kutembenuza kapepala ka mtengo, n'kutuluka. Zotsala zinachuluka. Ndiye a Leiva anabwera ndi masizasi awiri atsopano.

"Chotuluka muno chaulere chimakathera kumsika," anatero. "Aliyense wogula kumeneko ndi kasitomala amene tataya, ndipo woluza ndi mwana ali pakhomayo. Muzidula pamsana, kuyambira m'khosi mpaka pansi."

Odula tilipo awiri, ine ndi a Fresia, mayi wamasiye wa nyamakazi m'zala, amene amadula monga anauzidwira koma akutukwana chapansipansi.

Ine ndisanabwere kuno ndinkasoka mayunifomu a kumigodi. Dzanja langa linakana kung'amba msana wa jekete yabwinobwino. Si kuti ndine woyera mtima, ayi, zinkangondinyansa. Ndinayamba kudula potsata msoko: kuchotsa mkono wonse paphewa, ulusi wokhawokha, winawo chimodzimodzi, kenako kupinda mikono iwiriyo n'kuiika m'thumba la jeketeyo. Wosuzumira m'saka amaona chinthu choonongeka. Wa makina osokera amachibwezera tiyi asanazizire. Masaka anga ndinkawamanga ndi kansalu kofiira, kuti a Eulogia, neba wanga wochokera ku Bolivia, aziwazindikira, chifukwa amapita kumtayako Lachisanu lililonse ndi wilibala, ndipo ali ndi makina, amasoka n'kukagulitsa kumsika.

"Iwe Ximena, ukudula kapena ukuchita opareshoni?" a Fresia ankandifunsa.

"Dulani zanu, amayi."

"Dokotala wa majekete! Tsiku lomwe adzakugwire, ine ndidzati magalasi ndinaiwala kunyumba."

"Mumawaiwala kale tsiku lililonse."

"Ndiye kukonzekeratu kumeneko."

Jekete yobiriwira inabwera mu Meyi. Yokhuthala, yokhala ndi chisoti, zipi yake yosavuta, ya mwana amene mwina anaivala kawiri. Loweruka lina Maite akundidikira kuti ndiweruke anaiyesa, n'kuima pagalasi manja m'matumba ngati mwini sitolo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo jekete yomwe anali nayo inkalekera m'zigongono. Ndinatembenuza kapepala. Mapeso 24,000. Ndi gasi ndi buledi wa masabata awiri.

"Vula, tizipita."

Sanalimbane nane. Amadziwa.

Jeketeyo ndinaikankhira kumapeto, kuseri kwa makhoti a abambo kumene sikufika munthu, n'kudikira masabata anayi. Lachinayi lake litakwana ndinaichotsa mikono mosamala kuposa zonse. Lamlungu a Eulogia anabwera nayo yosokedwa, yochapidwa, ikumvekabe utsi pang'ono.

"Uzivala kusukulu ndi kunyumba basi," ndinauza Maite. "Kusitolo usadzafike nayo. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Kusitolo ayi."

Lolemba m'mawa tisanatsegule, a Leiva anatiitana tonse awiri kuchipinda chakumbuyo. Patebulo lodulira panali jekete yabuluu ya munthu wamkulu. Ndinaizindikira ndili pakhomo.

"Ndagula dzulo kumsika," anatero. "Mapeso 5,000. Muno inali 19,000."

Anatulutsa thumba lakumanzere la jeketeyo kunja. Pakona panali kadontho ka inki yapepo.

"Kuyambira mu Epulo, chilichonse cholandira mtengo muno chimalandiranso kadontho aka. Ndimaika ndekha."

Kenako anatembenuza phewa, n'kuyendetsa chala pamsoko, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata.

"Ulusi watsopano. Nsalu sinakhudzidwe olo pang'ono. Amene anadula apa amadziwa kusoka."

"Abwana, ine ngakhale batani sinditha," anatero a Fresia. "Malemu amuna anga anapita kumanda ndi pini pamalaya."

A Leiva anaseka, kuseka kwenikweni. Atatha anayang'ana ine.

"Sindikufuna kuchotsa munthu, Mayi Ximena. Koma m'kabati mwangamo muli makalata makumi anayi a anthu ofuna ntchito ya kontirakiti ngati yanuyi. Ndingonena zimenezo."

Mawa lake kunabwera anthu kudzamangirira kamera pamwamba pa tebulo lodulira.

Madzulo a Lolemba lomwelo, Maite akudya buledi wa mapeyala, ndinatulutsa thumba la jekete yobiriwira ija. Kadontho kanalipo. Ndinakathira jiki, ndinakapukuta ndi mswachi. Nsalu inayera mozungulira, kadonthoko kanangokhala pakati ngati diso. Chofunika chinali kuchotsa thumba lonselo n'kusokerapo lina. Ndinadziwa. Koma miyendo inali itatupa, madzi anali asanatungidwe, ndipo ndinati ndichita Lamlungu ndikapuma.

Lachinayi kunacha ndi chifunga chochokera kunyanja, chija chonyowetsa tsitsi mvula osagwa, ndipo chinasakanikirana ndi utsi wa kuseri kwa phiri. Magalimoto ankayenda atayatsa nyali masanasana. Ine ndinali kumbuyo pansi pa kamera, ndikudula pamsana monga mwa lamulo. Khoti laubweya, juzi ya mwana wakhanda yoluka pamanja, jekete ziwiri zofanana za mapasa. Sizasi yatsopano imadya bwino.

Cha m'ma 12 koloko a Fresia anapita kukatenga masaka, n'kubwerera opanda kanthu. Anatseka chitseko ndi msana.

"Ximena. Usathamange. Mwana wako ali kutsogoloko."

"Wavala chiyani?"

Anachoka pachitseko kuti ndidutse.

Kusukulu madzi anali atasiya, ana anawaweruza msanga. A Eulogia kunalibe, kiyi ndinali nayo ine, ndipo panja pamenepo mwana wa mphumu sangakhale. Sanalakwe. Ndinampeza ataima pansi pa chithunzi chija, atavala jekete yobiriwira ija, zipi atakokera mpaka pachibwano, a Leiva atanjuta kutsogolo kwake kuti maso afanane.

"Mwana wanu uyu, Mayi Ximena? Wafanana nanu mphuno. Dzina ndani, chemwali?"

"Maite."

"Jekete yokongola bwanji, Maite. Wakugulira ndani?"

Mwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"A Eulogia anandisokera."

"Anakusokera. Taima ndione kusoka kwake."

Sanamugwire mwankhanza. Anangolowetsa zala ziwiri m'thumba lakumanzere n'kulikokera kunja. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Munayesa ndi jiki," anatero motsitsa mawu, kuti makasitomala asamve. "Tiyeni kumbuyo, tonse."

A Leiva anatseka chitseko okha. A Fresia anali pakona, akupinda saka imodzi mobwerezabwereza. Maite anatsokomola kamodzi, n'kudzigwira pakamwa.

"Ndigula," ndinatero. "Mtengo wake wonse. Mudule pamalipiro."

"Singagulidwe. Inatsitsidwa kale, ilibe kapepala. Ndipo mukudziwa kuti antchito sagula muno."

"Inali kumtaya, bwana. Inali yoti ipse."

"Inali ya bungwe pa hang'ala, ndi ya bungwe m'saka. Ku Santiago ndiyenera kunena chimodzi mwa ziwiri: kuti wantchito anaitulutsa mwachinyengo, kapena kuti inadulidwa. Ndikanena choyambacho, palibe chimene ndingakuchitireni. Ine ndikufuna kunena chachiwiri."

Anatola sizasi patebulo n'kundipatsa, chogwirira chikuloza kwa ine, monga mmene amaphunzitsira ana kupereka mpeni.

"Abwana, kunja kukuzizira," anatero a Fresia. "Mwanayu amadwala chifuwa."

"Ndikudziwa, Mayi Fresia. N'chifukwa chake amayi ake akufunika ntchito."

Anthu amene sanalerepo mwana okha anganene zambiri pa zimene ndikadachita. Ndikadaponya sizasi pansi, kugwira mwana padzanja n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Kenako Loweruka mwini nyumba akubwera kudzatenga lendi, mankhwala opopera mwana akutha, ife tikudya jekete. Makalata makumi anayi aja sindinawaone ndi maso, koma eni ake ndimawadziwa, timaima nawo pamzere wa madzi.

Ndinagwada n'kutsitsa zipi.

"Tulutsa mkono."

"Amayi."

"Tulutsa, ndati. Winawo."

Inali yofunda ndi thupi lake. Ndinaiyala patebulo chafufumimba, pansi pa kamera, n'kulowetsa sizasi m'khosi. Nsalu yakunja inalimba pang'ono, kenako inalola. Thonje lamkati linatuluka loyera mbali zonse ziwiri mpaka ndinafika pansi. A Fresia anatukwana mawu amene sindingalembe. Maite sanalire. Anaima m'malaya ake a sukulu, manja atawapanira m'khwapa, akuyang'ana dzanja langa, osati jekete.

Ndinavula juzi yanga n'kumuveka. Inamufika m'maondo.

"Zikomo, Mayi Ximena," anatero a Leiva. "Nkhaniyi yatha, sitidzaitchulanso." Anatenga zidutswa ziwirizo, kuziika m'saka, n'kumanga okha ndi chingwe cha pulasitiki. Potuluka anapatsa Maite siwiti ya m'botolo la pakauntala.

Panali patatsala maola anayi kuti ndiweruke, ndi mulu wa zotsala wofika m'chiuno. Maite anakhala pamasaka odzadza, siwiti ili m'manja yosatsegula. Ine ndinadula. A Fresia sanandiyankhulenso tsiku limenelo, ngakhale nthabwala imodzi.

Tinatsika basi dzuwa lisanalowe, koma silinkaoneka. Kuseri kwa phiri utsi unkakwera wakuda, wonenepa, n'kuweramira kumbali ya nyumba zathu. Mphepo inkandilowa m'malaya. Maite anayenda patsogolo, mikono ya juzi ikulendewera.

"Amayi, yanga ikupsa kumeneko?"

"Lole ndi mawa. Tseka pakamwa ndi mkono, usapume zimenezo."

A Eulogia anali pageti pawo akupopa tayala la wilibala. Anayang'ana mwana, anayang'ana juzi, anayang'ana ine.

"Aneba, mawa ndipite kumtaya?"

"Musavutike. Kulibe za nsalu yofiira."

"Sabata inayo?"

"Ngakhale inayo."

Anapitiriza kupopa. Anthu asanu ndi mmodzi amadya pa makina awo aja, koma ine sindinaime.

M'nyumba ndinatseka mawindo, n'kutsekera ming'alu ndi nsanza zonyowa. Ndinateleka madzi a tiyi. Maite anakhala pabedi, siwiti ija ataiika pa tebulo, ndipo ketulo isanalire ndinamva kamphaka kaja kayamba m'chifuwa mwake. Ndinatenga kabotolo ka mankhwala ake n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Munali mutatsala pang'ono. Yunifomu yanga ya mawa inali isanasitidwe.