Ayi wa a Kathumba

1.
Tiyi, ababa?
Ayi.
Ndaziona anachotsa kapu. A Kathumba anaiperekeza ndi maso mpaka inakalowa kukhitchini, kukhosi kuli gwa. Tiyiyo ankamufuna.

2.
Sitiroko inawapeza a Sitifano Kathumba ali pakhonde la nyumba yawo ku Mponela, laputopu ili pamiyendo. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu onse amene anatola kuyambira ali mwana mpaka kupuma ntchito yoyeza malo. Inawasiyira liwu limodzi. M'mutu mawu analimo ndithu, ankanyamuka bwinobwino, eya, zikomo, ndatopa, tsekula windo, koma pofika pa lilime onse ankavala malaya amodzi. Mutu nawo unawapandukira, akafuna kuugwedeza movomera unkapita chammbali. Dzanja lamanzere likagwira cholembera linkangokanda pepala ngati nkhuku.

Ndaziona, mwana wawo mmodzi yekhayo, anasiya mwamuna ndi ana ku Mzuzu, nati ndikungokawaona, ndibwera. Apo n'kuti chimanga chili m'mawondo. Tsopano anthu anakolola, anatong'ola, mapesi atenthedwa.

3.
Ntchito yolemba mtundu wawo a Kathumba anaiyamba atamwalira mayi ake a Ndaziona, nyumba itakula, ndipo ankati akungotayitsa nthawi, koma nthawiyo inasanduka njinga yopalasidwa mpaka kumapiri a ku Ntchisi kwawo, kukhala pamphasa ndi anthu ogontha khutu limodzi, kufunsa kuti Nachanza anabadwa kwa yani, nanga Nangondo ndi mng'ono wake kapena msuweni, nanga uja anadyedwa ndi ng'ona ku Bua anasiya ana, kubwerako miyendo ili mbuu, kutsekula laputopu imene mwana wawo anawagulira kuti aziwerengera nyuzi, kulowetsa dzina limodzilimodzi ndi zala ziwiri mu pulogalamu yolembera mbiri ya mabanja, kuona timizere tikulumikiza akufa ndi amoyo, kuseka okha magetsi akathima asanasunge, kuyambiranso mawa

4.
Timabokosi ta pulogalamu:
Dzina.
Bambo.
Mayi.
Anabadwa liti.
Anamwalira liti.

Palibe kabokosi ka malume. Palibe ka anapita ku migodi osabwerako. Ukalemba kuti chaka cha dzombe, kabokosi kamafiira, kakufuna manambala.

Amene anapanga pulogalamuyo amalondola mtundu kuchimuna, pomwe kwawo kwa a Kathumba mtundu umayenda ndi bere la mayi. Analimbana nayo mpaka anaigonjetsa, anaika Nachanza mayi awo ndi agogo ake aakazi pa tsinde. Koma chinthu chimodzi cha eni akewo anachikonda, ndipo sanauze munthu kuti achikonda: pulogalamu inalola kuti pansi pa mwamuna palendewere ana ake. Pansi pa Sitifano panali Ndaziona. Pansi pa Ndaziona, Dalirani ndi Sungeni.

5.
Abale anapangana zomanga chiliza pamanda a Nachanza, ndipo a Kathumba, akali ndi pakamwa, analonjeza kuti tsikulo adzabwera ndi pepala lalikulu, aliyense adzaloze dzina lake ndi chala.

Ababa, pepala lija tisindikize?
Ayi.
Ndaziona anatseka laputopu, naiika pamwamba pa kabati. A Kathumba anakhala moyang'anizana nayo m'chikuku chawo, m'mawa, masana, mawa lakenso, mpaka tsiku lina anakankha mbale ndi dzanja lamanzere, ikagwa, iwo maso ali pa kabati. Ndaziona anatola mbaleyo, nawayang'ana nthawi yaitali. Anagwada.
Ababa, ine ndine Ndaziona?
Ayi.
Inu ndinu a Sitifano?
Ayi.
Kunjaku kukuwala dzuwa?
Ayi.
Anaseka kaye, kenaka analira atagwira mawondo awo. Ndiye tiyi yense uja, anatero. Kuyambira tsikulo aliyense wobwera kudzazonda ankamuuza pakhomo pomwe kuti ayi wa ababa musamuwerengere, ndi mmene akuyankhulira.

6.
Pakhoma pafupi ndi tebulo, m'zolemba za dzanja limene linafa, malangizo amene ankagawira anzawo opuma ntchito okonda zomwezi:

Sunga pawiri, pa laputopu ndi pa fulashi. Magetsi satsazika.
Goneka pepala chammbali. Mtundu umakula m'lifupi.
Yesa kaye pa pepala wamba, inki yakuda yokha.
Zilembo zisachepe kufika poti nkhalamba ibwereke mandala.
Chithunzi chakale uchijambule pamthunzi, osayatsa kuwala kwa foni.
Wamoyo usamulembere tsiku lobadwa pa pepala lopachika pakhoma.
Pepala limodzi likachepa, lumikiza awiri ndi guluu. Usadule munthu.

7.
M'mawa uliwonse Ndaziona ankawakokera kubafa. Ankatseka maso onse awiri, bambo ndi mwana, aliyense kusungira mnzake ulemu umene unali utatha kale. Madzi, sopo, chitenje chophimba, kutembenuza, mafuta pamsana pamene panayamba kufiira.

Foni inkalira ali pakati pa ntchitoyo, ndipo Ndaziona ankaipana ndi phewa. A Kathumba ankamva mbali imodzi yokha.
Sindikudziwa, bambo a Dalirani.
Ndanena kuti sindikudziwa.
Mupatseni Sungeni ndimve mawu ake.
Wakana?
Chabwino. Musamukakamize.

Pita, mwanangu, ana ako akukuiwala, ankatero a Kathumba mumtima, pakamwa pakutuluka liwu lomwe lija.
Ayi.
Madzi akutentha, ababa?
Ayi.

8.
Pa tauni pali shopu ya Mayi Dzonzi, amene amasindikiza makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Ndaziona anapitako ndi fulashi, nabwera ndi mapepala oyesera, nawayala pamiyendo pa bambo ake.

Loyamba, mtundu wonse unakwana, koma zilembo ngati nyerere.
Lachiwiri, zilembo zooneka, koma mbali yakumanja inagwera kunja kwa pepala, anthu odulidwa pakati pa dzina.
Lachitatu pulinta inalitafuna, linatuluka lokwinyika, inki itapaka Nangondo ndi ana ake onse.

Mayi Dzonzi akuti pepala lalikulu kuposa ili alibe, ababa. Akuti mwina tichepetse zilembo, mwina tichepetse anthu.

A Kathumba anayang'ana pakhoma. Ndaziona anatsata maso awo, nawerenga mzere womaliza wa malangizo aja.

9.
Enelesi, mlongo wawo, anafika kuchokera ku Ntchisi ndi thumba la mtedza pamutu ndi felemu yagalasi m'khwapa, yopangidwa kale ndi kalipentala wa kumudzi. Anagwada, nagwira dzanja lakufa lija, nati achimwene mwaonda. Atamwa madzi anapempha pepala, naliwerenga ndi chala, milomo ikuyenda.

Titha kulumikiza mapepala awiri, azakhali, anatero Ndaziona.
Felemu ndi imodzi, galasi ladulidwa kale. Ndipo pepalali silinachepe ayi, mwalowetsamo alendo. Awa ana a achimwene a Yotamu akutani muno? Awa a Lingisoni? Kwawo ndi kwa amayi awo. Anapiye amatsata thadzi, tambala amangolira. Chotsani ana a amuna onse, muona likwana.
Ndiye kuti inenso, azakhali.
Iwe kwanu ndi ku Dowa kwa malemu mayi ako, ukudziwa. Si chidani, ndi mmene tinazipezera. Eti achimwene, tichotse?

Ayi.

Anamutulutsa ndi chifuwa chonse, mpaka malovu anagwera pa malaya.

Enelesi anayang'ana Ndaziona. Paja unati tisamawerengere?
Ndaziona anapukuta malovuwo ndi kansalu.
Ndi mmene akuyankhulira, azakhali.
Basi, avomera.

10.
Iwe Sitifano, unayeza malire a minda ya anthu moyo wako wonse, unkadziwa poima chikhomo, lero akukuikira chikhomo pakati pa iwe ndi mwana wako uli chiyang'anire, uli ndi liwu loyenera m'kamwa, liwu lenileni, lokhalo limene unatsala nalo, ndipo walinena, walinenanso, koma unalitha kale pa tiyi ndi pa madzi osamba ndi pa dzuwa lowala kunja, lasanduka ngati chifuwa, anthu amangodikira kuti chidutse apitirize nkhani, menya tebulo, dzanja lamenya, akuti mukufuna kubafa achimwene, luma lilime, lira, akuti matendawa amaliritsa, adokotala ananena

Ayi.
Ayi.

11.
Ndaziona anakhala patebulo, msana kwa bambo ake. Pa sikirini anthu ankazima mmodzimmodzi, ana a Yotamu, zidzukulu za Lingisoni, ndipo timizere tinkasendezana kutseka mipata. Atafika pansi pa Sitifano anaima kaye, dzanja lili pa mausi. Anadina. Pulogalamu inatulutsa kabokosi kofunsa m'Chingerezi ngati watsimikiza, pansi pake mabatani awiri, la eya ndi la ayi.

Awiri. Ngakhale makina amapatsa munthu awiri.

Anadinanso.

Madzulo ake iye ndi Enelesi anakhala kuseri kwa nyumba akusenda mtedza, akuyankhula motsitsa. A Kathumba ankangomva makoko akuthetheka.

12.
Ulendo wa ku chiliza unali wokagona kamodzi. Zimene Ndaziona analongedza:
mabulangete onse
mankhwala onse, ndi kapepala konena nthawi yomwera
ndowa ya kubafa
jekete ya kutchalitchi ndi ya kumunda
wailesi
mafuta a pamsana, botolo lotsekula ndi losatsekula
laputopu

Kumudzi kumazizira, ababa, anatero osawayang'ana.

13.
Anthu atabwerako kumanda, felemu inayenda pamanja. Zilembo zinali zazikulu bwino, palibe anabwereka mandala. Amayi ankaitanizana, bwera udzaone, ndili apa ine, uyu ndi mayi wako, uyu ndi uja tinkamunena. Zala zinasiya mafuta pagalasi. Wina anati chibale ndi fupa, sichiola, ena navomera.

Anaibweretsa kwa a Kathumba pansi pa mtengo wa mango. Dzina lawo linali kumapeto chakumanja, pansi pake pepala loyera mpaka pa thabwa.

Mwagwira ntchito, malume, anatero mphwawo wina. Mwatisonkhanitsa.
Ayi.
Anthu anaseka mokoma. Kudzichepetsa sanasiye, anatero wina.

Ndaziona anali kumoto ndi akazi okwatiwa pamudzipo, akutsuka mbale.

14.
Kutacha Ndaziona anabwera kuchipinda chimene Enelesi anawayalira, atavala nsapato, chikwama chili paphewa. Anatseka chitseko, nagwada pafupi ndi chikuku kumbali yamanzere, naika dzanja lake m'dzanja lawo lamoyo.

Ababa, ndili ndi mawu.

Ine ndimakumvani. Ndinayamba kukumvani kalekale, chimanga chisanaume. Mukamati eya, dzanja ili limagona. Mukamakana zenizeni, chala chachikulu chimalowa m'kati, mumachifinya mpaka chikhadabo kuyera. Inu simudziwa kuti mumatero. Tsiku la azakhali lija ndinachiona, ababa. Munafinya mpaka kunjenjemera.

Anapuma, nayang'ana chitseko.

Azakhali anati ngati ana a amuna si a pano, ndiye kuti inu ndinu awo, mwini mbumba amadwazikidwa ndi mbumba yake, ndipo mwana wamkazi sasambitsa bambo ake abale alipo. Ndinawasiya anene. Ndinafuna anene pamaso panu, ndipo ndinafuna zilembedwe, kuti mawa asadzabweze mawu. Achita kale magawo, a Yotamu azikusambitsani, azakhali aziphika. Sungeni akumanditchula kuti aja a ku Mponela. Bambo ake asiya kufunsa tsiku lobwera.

Panja wina ankasesa. A Kathumba anamuyang'ana mwanayo, nkhope ya mayi ake, tsitsi limene sanalukitse chichokere ku Mzuzu, khosi litatuluka mafupa.

Galimoto ya ku Mponela ikudikira pamsewu, ababa, kumeneko ndikakwera ya ku Mzuzu. Koma sindikwera musananene. Mukakana ndivula nsapatozi, tibwerera limodzi, ndipo sindidzafunsanso. Ndipite?

Anatsitsa maso, nawaika pa dzanja.

M'mutu mwa a Kathumba mawu ananyamuka onse pamodzi, usandisiye, kuno sadziwa kunditembenuza, kuno palibe adzayang'ane chala changa, ndidzafa ndi ludzu kapu ili pafupi. Anamva chala chikuyamba kupinda chokha, chikulowera m'kati. Anasonkhanitsa mphamvu zonse zimene sitiroko inaiwala, za m'phewa, za m'khosi, za m'mano, nazitumiza ku chala chimodzicho. Chinanjenjemera. Anachiwongola pang'onopang'ono mpaka dzanja lonse linagona chagada pa bondo, lotambasuka.

Ayi, anatero.

Ndaziona anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenaka nkhope yawo, thukuta lili pamphumi. Anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, nawakonzera kolala, naimirira.

Iwo anasunga dzanja lili chomwecho mpaka anamva galimoto ikulira kumsewu.