Ovolosi ya Goliati

Bokosi linafika panyumba ya Mainess mu komboni ya George dzuwa litangokwera, lole yopita kumanda a Chingwere itaima kale pamsewu. Mwamuna wake Goliati anali atachoka masabata atatu apitawo kukasaka ganyu kumafamu, fakitale ya mabulangete itatsekedwa. Kenaka kunabwera uthenga woti galimoto yagunda munthu ku Kamwala. Nkhope sinkazindikirika, koma ovolosi inali yake, ndipo dzina la pathumba anasoka ndi Mainess yemwe.

Chinkamuwawa kwambiri m'mawa umenewo chinali chakuti mpingo unakana kuimba. Goliati anadulidwa mumpingo chaka chatha chifukwa cha kachasu, choncho amayi a chigwirizano anangokhala duu pamphasa, mayunifolomu atawapinda m'zikwama.

Mainess anatuluka m'nyumba nakagwada pamaso pa mkulu wa mpingo.

"Ba Whyson, nyimbo imodzi chabe. Asayende monga galu."

"Amake Anna, lamulo ni lamulo. Munthu anafera kunja kwa mpingo. Kumene ayenda tonse tidziwa."

"Mudziwa bwanji, atate? Makiyi a kumwamba ali m'thumba mwanu?"

Asanayankhe, kumsewu kunamveka kukuwa. Azimayi a pampopi anataya zidebe n'kuliyatsa liwiro. Pakati pa fumbi panatulukira munthu wa kabudula, thumba la mbatata lili pamutu. Azibambo anagubuduza mabenchi, ena kulumpha mpanda, dalaivala kudzitsekera m'lole. Ba Whyson anakabisala kuseli kwa bokosi lomwelo.

Munthuyo anatula thumba, nayang'ana mipando yake ili panja.

"Nindani wamwalira panyumba panga?"

"Ndiwe, chipuku iwe!" anakuwa dalaivala pawindo, akumuyesa mzukwa.

Mainess yekha ndiye sanathawe. Anasendera pang'onopang'ono, namutsina pamkono. Unali wofunda, wonyowa ndi thukuta.

"Mayo! Unitsina chani?"

"Atate ake Anna! Nanga ovolosi?"

"Ninasinthana na munthu pa Kamwala, ananipatsa nsapato izi. Dzina sininamufunse."

Nthungululu zinabuka George yense anamva. Othawa aja anabwerera akukankhana, aliyense kufuna kumugwira. Mainess ankaseka misozi ili chuchuchu, kwinaku akumumenya pachifuwa ndi chitenje. Phokoso litatsikako, maso onse anatembenukira kubokosi, komwe ba Whyson ankadzuka akusasa fumbi m'maondo.

"Ba Whyson," anatero Mainess mofatsa, "uyu naye munamudula? M'mawa wonse mwamutumiza kumoto, na dzina lake simulidziwa."

Mkulu uja anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"M'buku lathu mulibe," anayankha motsitsa mawu. "Amene amudziwa ni amene anamulenga. Ndiye ati aweruze, osati ine. Amayi, valani."

Zikwama zinatseguka, bwalo lonse n'kuyera mbuu ndi mabulauzi. Anagwirizana zobweza mtembo kuchipatala ndi kudziwitsa apolisi kuti abale ake afufuzidwe, koma aperekezedwe ngati mwana wa Mulungu. Goliati anagwira bokosi kumutu, pomwe panali pepala la dzina lake.

Mainess anayambitsa yekha nyimbo imene anapempha ija. Lole itanyamuka, anamva mawu a besi a Goliati kumbuyo kwake, osasa ngati kale, akulakwitsa vesi lachiwiri pomwe ankalakwitsa masiku onse.